Oponda Njira ya ku Kanisawa

Kawasaki
16 Novembala 1969

Amake Noboru,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi. Ine ndinafika bwino, ngakhale sitima inadzaza moti kuchokera pa Yokote mpaka ku Ueno ndinakhalira chikwama changa pafupi ndi khomo la chimbudzi. Atiika pa komboni yomwe ija ya chaka chatha, anthu khumi ndi anayi m'chipinda chimodzi, ambiri ndi akwathu konko. Ntchito ndi yokumba ngalande ya mapaipi. Andipatsanso makina oswera miyala aja, ati ndine ndinawazolowera.

Pali chinthu chakhala chikundidya mumtima njira yonse. Pa siteshoni paja, nditawerama kuti ndimunyamule Sayo, anabisala kumbuyo kwanu n'kufunsa kuti, "Amayi, alendowa akupita kwawo?" Inu munaseka, inenso ndinaseka, poti anthu ankatiyang'ana. Koma m'sitima ndinakhala pansi n'kuganiza bwinobwino. Mwanayu ali ndi zaka zinayi, ndipo sanandionepo ndi kamodzi komwe m'nyengo ya chipale. Ndikafika mu Epulo ndimalawirira kumunda iye akadali mtulo, mpunga ukangolowa m'nkhokwe ine ulendo. Pa Chaka Chatsopano anzanga akamabwera kumudziko, ine ndimatsala kuno kulondera katundu wa kampani. Nanga mwana walakwa chiyani? Alendo amatero kumene.

Ndiye mverani. Ndipempha masiku asanu pakati pa Januwale, pa Chaka Chatsopano chaching'ono, tidzapite tonse ku madzi otentha a ku Kanisawa, kwa a Tomekichi. Malemu bambo anga ankatitengera kumeneko chaka ndi chaka. Mpunga wathu, miphika yathu, makala, zofunda, zonse pa chileyi, ine nditakhala pamwamba pa mtolo. Mukuwakumbuka bambo aja, munthu wosaseka, woti ukamulonjera amangoyankha ndi mphuno. Koma m'madzi muja ankandikhula msana akuimba, mawu oipa ngati chitseko chadzimbiri. Bambo anga ndinawadziwira kumeneko. Ndikufuna Sayo andidziwe, basi.

Patulani mpunga wa masiku atatu, miso wathu wa soya wothira mu supu uja, ndi thumba limodzi la makala ouma bwino. Chileyi cha bokosi chija chili kudenga la khola, muone ngati mbewa sizinachidye. Ana muwaimike papepala mujambule mapazi awo munditumizire, ndiwagulire nsapato za labala. Musawauze kaye za ulendowu, Noboru ndi wakamwa, mudzi wonse ungadziwe.

Ine mwamuna wanu,
Rikizo

Kawasaki
7 Disembala 1969

Amake Noboru,

Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti chifuwa cha amayi chapepuka. Ine ndili bwino, kupatula zala za dzanja lamanja zimene zikumayera m'mawa n'kuchita dzanzi. Ndi kuzizira chabe, musaganize zambiri.

Mapepala a mapazi ndinapita nawo kusitolo Lamulungu lapitali. Mayi wogulitsa anaika pepala la Sayo pansi pa nsapato n'kunena kuti, "Achimwene, phazi ili silikudikirani, pofika Januwale likhala litakula. Tengani zokulirapo." Ndatenga zofiira za Sayo ndi zakuda za Noboru, zonse pamodzi mayeni mazana asanu ndi anayi. Zikakula muzifutsamo mapesi. Pepala la Sayo sindinataye. Kaphazi kake kakukwana m'dzanja langa, ndipo chala chachiwiri ndi chachitali ngati changa.

Kapitawo ndinamupeza akudya. Nditamuuza anaika timitengo todyera pansi. "Masiku asanu? Iwe Rikizo, wafedwa?" Ine, "Ayi bwana, ndikukasamba." Iye, "Bafa la pakonali latani?" Anthu anaseka mpaka kutsamwa. Koma walola, bola ndigwire ntchito pa Chaka Chatsopano monga mwa masiku onse. A Tomekichi ndawalembera kuti atisungire chipinda cha kumapeto, choyang'ana kumtsinje, chomwe chija tinkagona.

Mwafunsa kuti, "Nanga njira?" Amake Noboru, mwakhala m'mudzimo zaka khumi ndipo mukufunsa za njira? Njira ya ku Kanisawa imapondedwa, ngati mmene yakhala ikupondedwera chikhalire. Thabwa lolembedwa mayina limayenda nyumba ndi nyumba, likagona pakhomo panu ndiye kuti mawa ndi inu. Ndikatseka maso ndikuwaona amuna asanu ndi awiri pamzere, wotsogola atamanga mikombero ya nsungwi kumapazi akuboola chipale chofika m'chiuno, otsatira atavala matumba a mapesi a mpunga kumiyendo, akuponda, akuponda, nthunzi ili tolo pamitu pawo. Wotsogola akatopa amagwera pambali, wachiwiri n'kulowa. Ine ndinayamba kutsogola ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinagwerepo pambali tisanafike pa mlatho. Kafunseni aliyense.

Inu konzani za ana. Sayo mudzamukutire ndi chofunda chokhuthala, botolo la madzi otentha kumapazi. Tidzanyamuke m'mawa chipale chikadalimba, tidzapume pa mlatho adye mochi wowotcha, timikate ta mpunga tija. Za njira zisiyeni kwa amuna.

Rikizo

Kawasaki
21 Disembala 1969

Amake Noboru,

Moni nonse. Ine ndilipo.

A Tomekichi sanayankhe mpaka lero. Mkulu ameneyu ndi waulesi polemba kuyambira kale, koma masabata awiri ndi mwano. Ndalembanso ina. Wa positi akafika kumeneko mumufunse ngati makalata a ku Kanisawa akukwera.

Mwati chipale chafika kale pazenera ndipo mwakwera padenga kawiri kukachigwetsa. Chonde muzidzimanga chingwe m'chiuno, ndipo musamakwere mphepo ikamawomba. Ndikudziwa mukuti ndimakuuzani zomwezi chaka chilichonse.

Za a Masaji a kutsidya kwa mtsinje mumva kwa akazi awo, ine sindilemba. Akubwera sabata ino, koma osati ndi miyendo yawo. Ngalande ija mbali imodzi inali yosachirikiza bwino. Ine ndinali nditangotuluka kukamwa madzi. Mukapite mukawaone, mutengeko mazira. Usiku wa tsikulo sindinadye, ndimangoganiza kuti akanakhala ine, Sayo akanauzidwa kuti wapwetekeka ndani.

Ulendo ulipo, musamasule katundu.

Rikizo

Kawasaki
2 Januwale 1970

Amake Noboru,

Chaka chabwino kwa inu, kwa amayi ndi kwa ana. Mochi munatumiza uja wafika, tawotcha pa mbaula tonse otsala, watha tsiku lomwelo.

Ulendo uja wafa. Ndikuuzani mmene zakhalira.

Dzulo masana ndinapita ku bafa la pakona, lomwe lija kapitawo ankandiseka nalo. Nditakhala pa kampando ndikudzithira madzi, ndinaona msana wa nkhalamba patsogolo panga, wokhala ndi chipsera chachitali paphewa. Chipsera chimenecho ndimachidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinati, "A Tomekichi?" Anatembenuka, sopo ali m'maso. Mwini madzi otentha a ku Kanisawa, atalipira pakhomo kuti asambe madzi a pampopi otenthetsa ndi zinyalala za matabwa.

"Rikizo mwana wa Genji," anatero. "Wakalamba bwanji iwe."

"Inu mukutani kuno? Ndakulemberani kawiri."

"Walembera zimbalangondo. Ine ndili kuno, ndikusesa pa fakitale ya zitsulo, chaka chachinayi tsopano."

Ndinafunsa kuti nanga nyumba, nanga alendo. Anandiyang'ana ngati ndine wopepera. "Alendo adzera pati? Njira aponda ndani?" Ndinati, "Thabwa lija." Iwo anati, "Tatchula mayina a pathabwapo ndimve."

Ndinayamba kutchula, tili maliseche pomwepo. A Masaji. Shozo, amene amagona pambali panga pa komboni. Ana awiri a a Kyusaku, ali pa doko ku Yokohama. Sakuji, ali ku Chiba. Hachiro, ndinali naye m'sitima. Wachisanu ndi chiwiri sindinamutchule, anamutchula ndi iwo, atandiloza ndi kabeseni. Ati chaka choyamba chimene amuna onse anachoka, iwo anayesa kuponda okha, makilomita asanu ndi limodzi, chipale n'kukwirira usiku womwewo. Chaka chotsatira anakhoma matabwa m'mazenera n'kukwera sitima yomwe timakwera tonse.

Amake Noboru, ndachita manyazi. Zaka zisanu ndi zinayi ndili kuno nyengo iliyonse ya chipale, koma m'mutu mwanga mzere wa amuna uja unali ukupondabe, ine ndekha ndiye ndinachokapo. Sindinaganizepo kuti aliyense wa ife akuganiza chimodzimodzi. Munandifunsa za njira, ndinakuyankhani mwachipongwe. Pepani.

Masiku asanu aja ndiwabweza kwa kapitawo. Kubwera kudzangokhala m'nyumba, Sayo akundizemba kumbuyo kwa chitseko, mtima wanga sungapirire. Nsapato nditumiza pa positi. Mwachita bwino kuti ana simunawauze.

Rikizo

Kawasaki
8 Januwale 1970

Amake Noboru,

Kalata yanu yachangu yandipeza dzulo. Ndili bwino, koma makutu akundiwawa ngati mumakalipa muli pompano. Zaka khumi sindinadziwe kuti mumatha kulemba masamba atatu.

Mwati, "Abambo a Noboru, mukuganiza kuti mwana wanu amauluka popita kusukulu? Thabwalo silinaleke kuyenda. Dzina lanu lili pomwepo, likafika pakhomo pano ndimadzuka ndine." Ndawerenga pamenepa kangapo. Simunandiuzepo, inenso sindinafunsepo. Mwatinso ana munawauza kalekale, ndipo Noboru walengeza mudzi wonse monga ndinanenera, moti amayi asanu ndi atatu akuti pa Chaka Chatsopano chaching'ono ndi tsiku lopuma akazi, ndiye akakapumira ku Kanisawa, ndi ana awo ndi nkhalamba zotha kuyenda. "Inu mungobwera ndi a Tomekichi ndi makiyi awo."

Komabe ndinene. Kusukulu ndi pafupi ndipo ndi pachidikha. Ku Kanisawa ndi chitunda chokhachokha, ndipo palibe wapondako zaka zinayi. Si ntchito yamasewera. Mundikonzere mikombero ya malemu bambo, ndidzatsogola ndine, inu muzidzatsatira.

A Tomekichi ndinakawapeza pa fakitale nthawi ya nkhomaliro. Poyamba anakana. "Nyumbayo mwina inagwa. Mukagona pati, m'chipale?" Nditawawerengera mayina a amayi aja anafunsa kuti, "Mkazi wa Hachiro akadaimbabe?" Ndinati sindikudziwa. Anapukuta mphuno ndi golovesi n'kunena kuti muuze aliyense atenge nyali yake ndi fosholo.

Tifika pa 14 m'mawa, ndipo kukwera ndi tsiku lotsatira. Muwonjezere makala. Nsapato sinditumizanso pa positi, ndibwera nazo ndekha.

Rikizo

Kawasaki
25 Januwale 1970

Amake Noboru,

Ndinafika bwino, ndipo ndayamba kale ntchito. Ndikhulupirira nonse munatsika bwino ndipo ana sanadwale chimfine. Pali zinthu sindinathe kunena pamaso panu, ndiye ndilemba.

M'mawa uja pakhomo, zala zanga zitakana kumanga zingwe za mikombero, munagwada n'kundimangira, osandiyang'ana kumaso. Ndikudziwa kuti munaona mtundu wa zalazo. Tidzakambirana mu Epulo.

Za kutsogola kuja musaziiwale, chifukwa mkazi wa Hachiro sadzaziiwala mpaka manda. Ine katswiri, sindinafike ndi pa mtengo wa mkungudza womwe. Miyendo inali kukumbuka, koma chifuwa chinakana. Nditagwera pambali, chagada, ndikupuma ngati ng'ombe, iye akudutsa anati, "Pumani bwana wa ku Tokyo, musadetse malaya." Wina kumbuyo, "Musawaseke, kwawoko chipale amachiona pa kanema." Kenaka munalowa inu. Ndinakuonani kuchokera pansi pomwepo. Mumaponya mwendo mozungulira, bondo likukankha chipale, osathamanga, osaima, mpaka pa mlatho. Sindinakuphunzitseni ine zimenezo. Ndinanyadira, ndipo ndinamva chisoni, zonse nthawi imodzi.

Ndiye anandipatsa ntchito ya nkhalamba, yokoka chileyi cha ana kumbuyo kwa mzere. Mwina munapangana. Sayo anali m'bokosi, maso okha akuoneka, akundiyang'ana msana maola anayi. Tinadutsa mlatho. Pamenepo ndinamva kamawu, "Hatchi, fulumira." Ndinalira ngati hatchi. Anaseka. Ndinaliranso, mpaka a Tomekichi anatembenuka n'kufunsa ngati ndadwala.

Nyumba tinaipeza chipale chafika pakhonde lam'mwamba, munaona nokha mkulu uja akukumba khomo lake ndi manja. Koma madzi anali momwemo, akutuluka nthunzi, osadziwa kuti anthu anachoka. Tsiku loyamba Sayo anakana kulowa nane, anapita kwa inu. Lachiwiri analowa chifukwa cha Noboru, n'kukhala kutali, pakona. Lachitatu, inu muli kophika, anabwera yekha ndi kansalu kake n'kundipatsa msana. Ndinamukhula pang'onopang'ono, ndikuimba nyimbo ya bambo ija, ndi mawu oipa omwe aja. M'madzi muja zala zanga zimamva bwinobwino, ndinamva timafupa take tonse ta pamsana. Kenaka anatembenuka n'kunena kuti, "Abambo, tsopano inu." Inu simunamve. Ndinamiza nkhope m'madzi kuti Noboru asandione.

Munakwiya kuti ndinatsala kumtunda pamene inu mumatsika. Sindikanamusiya mkulu uja agwetse yekha chipale cha padenga lonse lija, titagona m'nyumba mwake ulere. Ndinaima pakhomo mpaka chileyi chinakhota, Sayo akugwedezabe kagolovesi. M'mawa mwake tinatsika awiri m'mapazi anu. Pamphambano ya kumunsi kwa mlatho ndinaona utsi wa nyumba yathu, koma basi ya ku Yokote inali itayandikira, ndipo masiku asanu anali atatha.

Muwathokoze amayi onse aja. Mkazi wa Hachiro mumuuze kuti mwamuna wake ndamufotokozera zonse, kupatula za kugwa.

Rikizo

Kawasaki
15 Febuluwale 1970

Amake Noboru,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa ana. Ine ndili bwino. Makina aja ndawasiya, andiika konyamula mchenga. Malipiro atsikako pang'ono, musadabwe.

Kalata yanu ndaiwerenga ndili chiimire pakhomo. Mwati Sayo m'mawa uliwonse akumavala nsapato zake n'kukaima kuseri kwa khola, pomwe njira ya kumtunda imayambira. Mwati akunena kuti, "Abambo tinawasiya kumadzi otentha, ali okha, tikawatenge." Ndipo Lachiwiri munamupeza atafika pa mtengo wa mkungudza, atatitimira mpaka m'khwapa, atanyamula mochi awiri m'thumba. Ndinakhala pansi pomwepo. Muike chotsekera china pamwamba pa chitseko, pomwe sangafike, ndipo Noboru asamusiye yekha panja.

Mwafunsa ngati mumuuze zoona, kuti ndili ku Kawasaki. Ndaganiza masiku awiri. Kawasaki ndi chiyani kwa mwana wa zaka zinayi? Sanakuoneko, sangakuloze ndi chala. Kumeneko ndi kwawo kwa alendo. Koma ku Kanisawa akukudziwa. Akudziwa khomo lomwe ndinaima, akudziwa kuti kuli madzi ofunda, ndipo akaima kuseri kwa khola phirilo akuliona. Chikhalire sindinakhalepo pafupi naye chotere m'nyengo ya chipale.

Musamuuze. Mumuuze kuti abambo ali bwino, akudya, mochi ali nawo wambiri. Mumuuze kuti njira yakwiririka, palibe angakwere kapena kutsika, koma chipale chikadzasungunuka m'munda, abambo adzatsika okha. Ndi bodza, ndikudziwa, koma masiku ake akugwirizana. Tsiku lobwera ndidzatsikira basi pamphambano, ndidzazungulire kumtunda. Inu mudzamuimike kuseri kwa khola.

Ine mwamuna wanu,
Rikizo